Switchi ya netiweki ikazima, tiyambe talondola magetsi tisanagule ina



Masiku ano ntchito zambiri za pasukulu pano zikudalira makompyuta olumikizana. Ku ofesi amasunga kaundula wa fizi, amatumiza malipoti ndi kukonza mayina a olemba mayeso. Ku labu ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 amakonzekera mayeso a MSCE a phunziro la kompyuta. Zonsezi zimadutsa m'kabokosi kamodzi kamene ambiri a ife timakakumbukira pokhapokha kakazima. Dzina lake ndi switchi ya netiweki. Ikazima, mawu oyamba kumveka amakhala akuti "yapsa, pakufunika ina", ndipo kalata yopempha ndalama imalembedwa tsiku lomwelo.

Ndalama zimenezo zimachokera m'matumba mwa makolo ndi kwa abale amene amapereka sadaka yawo kuti ana aphunzire. Katundu wogulidwa motero ndi amana m'manja mwathu, ndipo kutaya chinthu chamoyo n'kukagula china ndi israfu, kuononga kumene chipembedzo chathu chimaletsa. Nthawi zambiri switchi imene tikuti yafa imakhala ili bwinobwino, vuto lili pa njira imene magetsi amadutsa kuti aifike. Tifotokoza m'mene tingalondolere njirayo mwadongosolo kuchokera pakhoma mpaka pa switchi, komanso malire amene ife osaphunzira za magetsi sitiyenera kudumpha.

Switchi imeneyi ndi chiyani?

Tisaisokoneze ndi switchi ya pakhoma yoyatsira babu. Switchi ya netiweki ndi bokosi la chitsulo kapena la pulasitiki lokhala ndi mabowo ondondozana kutsogolo kwake, 5, 8, 16, 24 kapena 48. M'bowo lililonse mumalowa chingwe chochokera ku kompyuta, pulinta, kamera kapena kachipangizo komwaza Wi-Fi. Ntchito yake ikufanana ndi ya munthu wosankha makalata ku positi ofesi: uthenga ukafika, imawerenga adiresi n'kuutumiza ku bowo loyenera. Intaneti imalowa pasukulu kudzera pa rauta, ndipo switchi ndiyo imaigawira zipinda. N'chifukwa chake switchi ikazima makompyuta amayaka ndithu, koma iliyonse imakhala payokhayokha.

Magetsi a m'masoketi mwathu m'Malawi muno ndi a mavolti 230, a mtundu wotchedwa AC, amene amapita uku ndi uku maulendo 50 pa sekondi iliyonse. Tizipangizo ta m'kati mwa switchi timafuna magetsi ochepa kwambiri, oyenda mbali imodzi, otchedwa DC. Choncho pakati pamakhala chosinthira magetsi. Maswitchi ang'onoang'ono amakhala ndi chosinthira chakunja, adaputa yofanana ndi chaja ya laputopu, imene imatulutsa mavolti 5, 9 kapena 12. Maswitchi akuluakulu, aja okhomera m'kabati, chosinthira chawo chimakhala m'kati, ndipo amalandira magetsi pa chingwe chakuda chokhuthala ngati cha kompyuta ya patebulo.

Tsono magetsi asanafike pa switchi amadutsa malo angapo: soketi ya pakhoma, ekisitenshoni, choteteza magetsi kapena UPS, pulagi ndi fyuzi yake, chingwe, kenako chosinthira. Paliponse pa malo amenewa pakhoza kuduka. Akuluakulu anati chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Ntchito yathu ndi kupeza malo amodzi amene avuta.

Malamulo atatu tisanagwire kanthu

Loyamba ndi la moyo. Tisagwire pulagi kapena soketi ndi manja onyowa, ndipo izi tizikumbukire makamaka tikangochokera kopanga wudhu. Tikamva fungo la pulasitiki yopsa, tikaona utsi kapena soketi yoderako, tithimitse pakhoma, tizule pulagi, tisiye pomwepo n'kukadziwitsa aphunzitsi. Wophunzira asafufuze yekha popanda mphunzitsi.

Lachiwiri, tisinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Munthu akasintha soketi, chingwe ndi adaputa zonse pamodzi, switchi n'kuyaka, sadziwa kuti chowonongeka chinali chiti, ndipo mawa chinthu chowonongekacho chidzabwereranso pa chipangizo china.

Lachitatu, tiyambire pa zotchipa ndi zapafupi. Fyuzi ndi chingwe mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi switchi, ndipo kuziyesa kumatenga mphindi ziwiri.

Tiwerenge tinyali

Kutsogolo kwa switchi kuli kanyali kolembedwa Power, PWR kapena SYS, ndipo bowo lililonse lili ndi kanyali kake. Tinyaliti ndito timatiuza koyambira.

Ngati tonse tazima, magetsi sakufika kapena chosinthira chafa. Ngati switchi imayaka, n'kuzima, n'kuyakanso yokha, tinyali tonse n'kuthwanima pamodzi monga zimachitikira poiyatsa, ndiye kuti magetsi akufika koma ndi ofooka kapena akudukaduka. Ngati makompyuta akulumikizana koma makamera kapena Wi-Fi zazima, vuto lili pa magetsi amene switchi imagawira zipangizozo, ndipo tifotokoza m'munsimu.

Palinso mavuto amene amaoneka ngati a magetsi pomwe si a magetsi. Kanyali ka Power kakayaka mokhazikika koma bowo limodzi lokha n'kukhala lozima, tikayikire chingwe cha netiweki cha bowolo kapena kompyuta imene chikupitako. Tinyali ta mabowo onse tikamaphethira mofulumira osalekeza, netiweki n'kuuma, tiyang'ane ngati wina sanalowetse mbali zonse ziwiri za chingwe chimodzi m'switchi yomweyo. Zikatero uthenga umangozungulira n'kutseka njira. Kuzula chingwe chimenecho kumathetsa vuto.

Soketi, ekisitenshoni, pulagi ndi fyuzi

Poyesa soketi tigwiritse ntchito chinthu chimene tikudziwa kuti chikugwira, monga chaja ya foni kapena nyali ya patebulo. Chikapanda kuyaka, tione ngati kaswitchi ka pa soketi kayatsidwa, kenako tipemphe oyang'anira nyumba aone ngati breaker ya chipindacho sinagwe. Breaker imene ikugwanso ikangokwezedwa isakakamizidwe, pali chimene ikuteteza.

Soketi ikakhala bwino, tidumphe ekisitenshoni ndi UPS, tilowetse switchi pakhoma penipeni. Ikayaka, tadziwa kuti vuto lili pa zimene tadumphazo. Maekisitenshoni otchipa timapanga take ta m'kati timafutukuka, pulagi n'kumagwedera, ndipo munthu akangogunda tebulo switchi imazima n'kuyambanso. Ekisitenshoni yolumikiza pa inzake, inzakeyo pa inzakenso, imachulukitsa malo ogwedera ndi otentha.

Mapulagi a kuno ndi aja a mano atatu amakona, ndipo m'kati mwake muli fyuzi. Ya maampu 3 imakhala yofiira, ya maampu 13 yabulawuni. Fyuzi ikapsa, switchi imazimiratu ngati yafa. Tiikemo ina ya nambala yomweyo. Kukulunga waya kapena pepala lonyezimira m'malo mwa fyuzi ndi kuitana moto, chifukwa fyuzi inaikidwa kuti ipse iyo, chingwe ndi nyumba zipulumuke. Fyuzi yatsopano ikapsanso nthawi yomweyo, tisaikenso yachitatu. M'chingwe kapena m'chosinthira muli mawaya ogundana, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri.

Zipangizo zina zimabwera ndi mapulagi achilendo, monga a mano ozungulira a ku South Africa kapena a mano awiri. Chizolowezi chotokosa bowo la pamwamba la soketi ndi kiyi kapena cholembera kuti pulagi ya mano awiri ilowe tichisiye. Pulagi yotero simagwira bwino, ilibe fyuzi, ndipo kiyiyo ikhoza kupha munthu. Mmisiri aikepo pulagi yoyenera kapena tigule chingwe cha mano atatu.

Pa switchi yaikulu, chingwe chakuda chija n'chofanana ndi cha kompyuta ya patebulo. Tibwereke pa kompyuta imene ikuyaka tiyesere. Tikankhenso bwino mbali yolowa kumbuyo kwa switchi, pakuti imakonda kutuluka pang'ono anthu akamasesa kapena kusuntha kabati.

Adaputa: tiwerenge zolembedwapo

Pa maswitchi ang'onoang'ono, adaputa ndiyo imatentha kwambiri ndipo ndiyo imayamba kulandira nkhonya magetsi akakwera. Choncho ndiyo timayamba kuikayikira. Koma apa m'pamenenso zipangizo zambiri zimaphedwa ndi eni ake, chifukwa munthu amangotola adaputa iliyonse imene kamutu kake kakulowa. Pali zinthu zinayi zoti tiwerenge pa adaputa ndi pansi pa switchi.

Choyamba ndi magetsi olowa. Pakalembedwa 100–240V, adaputayo ikhoza kugwira kuno. Pakalembedwa 110V kapena 120V yokha, monga zimakhalira pa zipangizo zina zochokera ku America, isalowe m'soketi mwathu, ipsa. Izi tiziyang'ane pa mphatso iliyonse yochokera kunja.

Chachiwiri ndi mavolti otuluka. Ayenera kufanana ndendende ndi amene switchi ikufuna. Adaputa ya mavolti 12 pa switchi ya mavolti 5 ikhoza kuipha nthawi yomweyo. Ya mavolti 5 pa switchi ya mavolti 12 siiyatsa, kapena imangoithwanimitsa.

Chachitatu ndi maampu. Apa lamulo ndi losiyana: maampu a adaputa akhoza kufanana kapena kuposa amene switchi ikufuna, koma asachepe. Switchi yofuna ampu imodzi ikhoza kugwira pa adaputa ya maampu 2, chifukwa imatunga okhawo amene ikufuna, monga munthu amatunga ndowa imodzi pa chitsime chodzadza. Ikapatsidwa adaputa ya theka la ampu, adaputayo imatentha ndipo switchi imazimazima.

Chachinayi ndi kachithunzi kakang'ono koonetsa kumene kuli + ndi kumene kuli −. Pa maadaputa ambiri + amakhala pakati pa kamutu, koma alipo ena otembenuza. Kachithunzi ka pa adaputa kafanane ndi ka pa switchi.

Amene amadziwa kugwiritsa ntchito multimeter akhoza kuyeza kamutu ka adaputa, ataika chipangizocho pa DC. Adaputa ya mavolti 12 ionetse nambala yoyandikira 12. Ikaonetsa 0 kapena nambala yovinavina, yafa. Komabe tidziwe kuti adaputa yotopa imatha kuonetsa nambala yabwino ikakhala yopanda katundu, n'kugwa ikalumikizidwa, ngati bulu wooneka wamphamvu ngolo ili yopanda kanthu. Umboni weniweni ndi kuyesera adaputa ina yofanana pa zinthu zinayi zija. Tipempha kuti adaputa iliyonse imatidwe kapepala kolemba dzina la chipangizo chake, kuti ya rauta, ya switchi ndi ya makamera zisasinthane posesa labu.

Kutentha, fumbi ndi chivindikiro chosatsegula

M'chosinthira magetsi chilichonse muli tizipangizo tonga timigolo totchedwa makapasita, timene timasalaza magetsi. M'kati mwake muli timadzi timene timauma pang'onopang'ono, ndipo kutentha kumafulumizitsa kuumako. Amisiri amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa kapasita yotere umatsika ndi theka. Makapasita akatopa, switchi imavuta kuyaka magetsi akabwerera, imayambanso yokha ntchito ikachuluka, mwina imalira kamluzu kakang'ono.

Maswitchi ambiri a m'maofesi analembedwa kuti azigwira ntchito pamalo posapitirira madigiri 40. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, chipinda cha malata chopanda siling'i, mawindo ali otseka, chikhoza kufika pamenepo masana, ndipo m'kabati yotseka mumatentha kuposa apo. Switchi imene imazima cham'ma 1 koloko masana n'kugwira bwino m'mawa ndi usiku ikutiuza kuti ikutentha. Tichotse mabuku ndi mapepala amene taika pamwamba pake, tisaifunditse nsalu yoteteza fumbi ikuyaka, tisiye mpata kumbali kumene kuli timabowo topumira. Ngati ili ndi fani, timvetsere. Fani imene yatonthola kapena ikukhuluza ikufunika kusinthidwa. Fumbi la pa timabowo tilichotse ndi burashi youma, switchi itazulidwa. Mphemvu, nyerere ndi abuluzi amakonda malo ofunda, n'chifukwa chake kudyera m'labu n'koletsedwa.

Apa ndiye pali malire athu. Chivindikiro cha switchi kapena cha adaputa tisatsegule. Magetsi a mavolti 230 akalowa m'chosinthira amasungidwa m'kapasita yaikulu pa mavolti pafupifupi 325, ndipo ikhoza kuwasungabe kwa kanthawi ngakhale pulagi itazulidwa. Kutsegula kumathetsanso chitsimikizo cha wogulitsa ngati chipangizocho chikadali chatsopano. Mmisiri wodziwa akhoza kusintha makapasita kapena chosinthira chonse pa mtengo wochepera wa switchi yatsopano, choncho switchi yozima isatayidwe asanaione.

Pamene switchi ikudyetsa zipangizo zina

Maswitchi ena amatumiza magetsi ku makamera, mafoni a pa ofesi ndi tizipangizo ta Wi-Fi kudzera m'chingwe cha netiweki chomwecho. Njirayi imatchedwa PoE, ndipo imagwiritsa ntchito mavolti oyandikira 48. Bungwe la akatswiri la IEEE linakhazikitsa malamulo ake: la 802.3af la mu 2003 limalola mawati 15.4 pa bowo limodzi, la 802.3at la mu 2009 limalola mawati 30, ndipo la 802.3bt la mu 2018 limafika mawati 90. Chipangizo chofuna mawati 30 chikalowa pa bowo la mawati 15.4, mwina sichiyaka, mwina chimagwira mopelewera.

Kuonjezera pa malire a bowo lililonse, switchi ili ndi malire a mawati onse pamodzi, ngati nkhokwe imene banja lonse limadyamo. Tiyerekeze kuti switchi yathu nkhokwe yake ndi mawati 60. Talumikizapo tizipangizo 4 ta Wi-Fi, kalikonse kakudya mawati 12, onse pamodzi 48. Taonjezerapo makamera 2, iliyonse ikudya mawati 5 masana. Zonse zikukwana mawati 58, ndipo zikuyenda. Kukada, makamera amayatsa tinyali tawo toonera mumdima, iliyonse n'kufika mawati 9. Tsopano pakufunika mawati 66, nkhokwe ili ndi 60. Switchi imamana bowo limodzi kuti enawo adye. M'mawa alonda amadzanena kuti kamera ya ku hostela imafa usiku wokhawokha, pomwe kamerayo ilibe vuto. Mankhwala ake ndi masamu: tiphatikize mawati apamwamba olembedwa pa chipangizo chilichonse, tisiyeko mpata, ndipo chimene chatsala kunja tichipatse chodyetsera chakechake.

Chingwe nacho chili ndi gawo. Chisapitirire mamita 100. Zingwe zina zotchipa mawaya ake ndi aluminiyamu wongopaka kopa pamwamba, ndipo pa katoni pamalembedwa CCA. Zimenezi zimataya magetsi ambiri m'njira, moti chipangizo cha kutali chimazimazima. Poyesa, tibweretse chipangizocho pafupi ndi switchi tichilumikize ndi chingwe chachifupi. Chikayaka, vuto ndi chingwe chachitali chija.

Tichenjerenso ndi mtundu wina wa PoE wa mavolti 24, umene umapezeka pa zipangizo zina za Ubiquiti ndi MikroTik. PoE ya malamulo a IEEE imayamba yafunsa chipangizo isanatumize magetsi, pomwe ya mavolti 24 imangotumiza osafunsa. Kusakaniza mitundu iwiriyi kukhoza kusiya chipangizo chosayaka kapena kuchiononga.

UPS, jenereta ndi sola

Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tonse tikukumbukira maola aatali a mdima amene anatsatira. Mavuto ngati amenewa ndiwo amachititsa masukulu kugula UPS, jenereta ndi sola. Zimenezi zimathandiza, koma chilichonse chimaonjezera malo ena pamene njira ya magetsi ingaduke.

UPS yaing'ono ya mu ofesi kawirikawiri imakhala ndi batire limodzi la mavolti 12, 7Ah. Batire lotere limakhala zaka 3 mpaka 5 pamalo pozizira, ndipo m'madera otentha a m'mbali mwa nyanja ndi ku chigwa cha Shire limatha msanga. Batire likafa, UPS imaoneka yamoyo magetsi akakhalapo, koma akangophethira imagwetsa switchi. Kuiyesa n'kosavuta: switchi ikuyaka, tithimitse soketi ya pakhoma imene UPS yalowamo. Switchi ikazima nthawi yomweyo, batire likufunika lina. UPS yonseyo isatayidwe, batire limasinthidwa palokha.

Tiwerengerenso katundu. Batire la mavolti 12, 7Ah limasunga mphamvu yokwana mawati 84 kwa ola limodzi, ndipo ina imatayika posintha. Switchi ndi rauta zodya mawati 20 zikhoza kukhala maola angapo, koma tikaphatikizapo makompyuta a patebulo, batire limatha m'mphindi zochepa. Pulinta ya laser, ketulo ndi ayironi zisalowe pa UPS.

Jenereta imatulutsa magetsi osakhazikika pamene ikungolizidwa komanso pamene mafuta akutha. Tiyambe taisiya ikhazikike tisanayatse labu, ndipo tizimitse zipangizo tisanaithimitse. Ngati switchi imavuta pokhapokha tikakhala pa jenereta kapena pa inveta ya sola, vuto lili pa gwero limenelo. Mainveta ena otchipa amatulutsa magetsi a makwerero m'malo mwa osalala, ndipo zosinthira zina zimatentha kapena kulira nawo. Pogula tifunse inveta yolembedwa pure sine wave.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene magetsi akubwerera, chifukwa amatha kubwera okwera kapena ophethira. Kachipangizo koteteza konga kaja timaika pa firiji kamathandiza, pakuti kamadula magetsi akakwera kapena akatsika kwambiri ndipo kamadikira kaye kasanawalole kudutsa. Chifukwa cha kudikirako, switchi ikachedwa kuyaka magetsi atabwera tisathamangire kunena kuti yafa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mphenzi ndi waya wa earth

M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, pamabwera mdani wina. Mphenzi siichita kufunika kugwa pa nyumba yathu kuti ione switchi. Ikagwa pafupi, mphamvu yake imalowa m'mawaya a magetsi komanso m'zingwe za netiweki, makamaka zimene zayenda panja kuchokera ku buloko ina kupita ku inzake. Chizindikiro chake ndi chakuti mvula ya ziphaliwali ikapita, bowo limene munali chingwe cha panja limafa, mwina pamodzi ndi oyandikana nalo.

Maekisitenshoni olembedwa kuti amateteza ku magetsi okwera ali ndi kachipangizo kamene kamameza nkhonyazo, koma kamatha mphamvu pang'onopang'ono. Kanyali kake ka chitetezo kakazima, ekisitenshoniyo ikupereka magetsi ndithu koma sikutetezanso. Chitetezo chimenechi chimadaliranso waya wa earth, uja wa dzino lalitali la pulagi, wopita ku chitsulo chokhomedwa pansi. Munthu akamva kunyerenyetsa pogwira kabati ya switchi, earth ili ndi vuto, ndipo aitanidwe mmisiri wa magetsi wovomerezeka ndi MERA. Pa chingwe cholumikiza mabuloko awiri, njira yodalirika ndi fibre, chifukwa ndi galasi ndipo magetsi sadutsamo. Pamene tilibe fibre, mabingu akayamba kumveka patali tizule mapulagi ndi zingwe za panja mvula isanafike. Ziphaliwali zikafika pamutu pathu, tisagwirenso waya uliwonse. Tikamatsekera sukulu mu Disembala, zonse zisiyidwe zozula.

Kabuku ka pa kabati

Vuto lobwera n'kupita ndilo lovuta kuligwira, chifukwa mmisiri akafika zonse zimakhala zikuyenda. Pa chifukwa ichi pa kabati ya switchi pakhale kabuku. Aliyense woona vuto alembe tsiku, nthawi, mmene tinyali tinalili, ngati tinali pa magetsi a ESCOM, jenereta kapena sola, mmene kunja kunalili, ndi chimene chinalumikizidwa kumene. Pakatha sabata ziwiri kabukuko kamayankhula kokha: mwina vuto limabwera masana otentha, mwina usiku, mwina pampu ya madzi ikayaka.

Maswitchi ena amasunga okha mbiri yawo. Pa a Cisco, lamulo la show version limaonetsa nthawi imene switchi yakhala ikuyaka chiyatsidwire, ndipo la show power inline limaonetsa mawati amene bowo lililonse likudya. Switchi imene tikuganiza kuti yakhala ikuyaka mwezi wonse ikaonetsa maola atatu, tadziwa kuti inazimapo. Poitana mmisiri timuwerengere za m'kabukumu ndi zimene tayesa kale. Akatero amabwera ndi chipangizo choyenera ulendo umodzi, sukulu n'kupulumutsa ndalama ya mayendedwe.

Pempho lathu

Kwa ophunzira: musazule pulagi ya switchi kuti mutchaje foni kapena tochi. Mukaona kuti mwagunda chingwe kapena mwasintha adaputa mosadziwa, nenani msanga. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo amene wanena zoona watithandiza kupeza vuto m'mphindi zisanu m'malo mwa masiku asanu. A kalabu ya kompyuta, pamodzi ndi mphunzitsi wawo, Lachisanu lililonse tikachoka ku Jumu'ah aziona tinyali, azimvetsera fani, azipukuta fumbi ndi kusaina m'kabuku. UPS iziyesedwa kumayambiriro a teremu iliyonse.

Kwa aphunzitsi ndi a komiti: pempho logula switchi yatsopano lizibwera ndi umboni woti soketi, fyuzi, chingwe, adaputa ndi UPS zayesedwa chimodzichimodzi, ndiponso kuti mmisiri waona. M'kabati muzikhala mafyuzi ochepa, chingwe chimodzi ndi adaputa imodzi yoyenera zapadera.

Kwa makolo ndi abale amene muli ndi luso la magetsi kapena la makompyuta: khomo ndi lotsegula. Ola limodzi limene mungapereke pophunzitsa ana athu kuwerenga zolembedwa pa adaputa ndi kugwira multimeter ndi sadaka imene phindu lake lidzapitirira. Amenenso mukufuna kutipatsa zipangizo, tikupempha kuti zizibwera ndi maadaputa ake.

Allah atipatse luntha losamalira zimene watisungitsa, ndipo awalipire zabwino onse amene amathandiza sukulu ino.